Dzina Lopalidwa Kunsi kwa Mtsuko

Tsiku limene Zdenka anatembenuza mtsuko wofiira wagalasi n'kuyamba kuupapasa kunsi, apongozi ake, mayi Hanzlova, anasiya kumuyankhula.

Zdenka ankagwira ntchito kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Novy Bor, ndipo anamutuma kulemba mbiri ya malemu Vilem Hanzl, katswiri wogoba maluwa pagalasi, amenenso anali bambo a mwamuna wake Radim. Koma zinthu zinkakana kulumikizana. Mizere ya maluwa pa mitsuko imene Vilem anatchuka nayo inali yopendekera monga amagobera wamanzere, chonsecho malemuwo anali a dzanja lamanja. Wamanzere m'nyumbamo anali Otylie yekha, mayi womubereka Radim, amene anamwalira mwana akukwawa. Dzina lake silinkatchulidwa n'komwe.

"Zisiye izi, chonde," anachonderera Radim patapita masiku angapo. "Amayiwa ndiwo anandilera. Ukufuna banja lathu lithere pagalasi?"

"Ndiye ndilembe bodza? Tagwira apa. Kunsiku n'kokumbika. Wina anapala dzina n'kulembapo lina."

Chitseko chinatseguka mwamphamvu, mayi Hanzlova tulukiru, maso ali psuu.

"Mtsikana iwe, unabwera kudzakwatiwa kapena kudzafukula manda?"

"Amayi, ndikungofunsa. Anagoba ndani?"

Mayiwo anatsomphola mtsukowo ngati aumenyetsa pansi, koma anauika patebulo. Anakhala pampando, misozi ili chuchuchu.

"Ndinapala ndine. Nditakwatiwa muno ndinapeza mitsuko makumi anayi, uliwonse dzina la Otylie. Alendo ankatama iye, ine ndili pomwepo ndi khofi m'manja. Ndinachita nsanje ndi munthu wakufa! Ndinaipala pagudumu logobera galasi umodziumodzi, Vilem n'kulembapo dzina lake, osandifunsa kanthu. Chiyambire sindimwera madzi m'tambula. Galasi likalira ndimamva ngati Otylie akundiitana."

Zdenka anagwidwa chisoni, ndipo anachita mantha poona nkhope ya mwamuna wake.

"Munkandiuza kuti amayi anga sanasiye kalikonse," anatero Radim motsitsa mawu. "Ndakula ndikupukuta ntchito ya manja awo, osadziwa. Dzina lawolo ankalemba bwanji?"

Mayi Hanzlova anadzuka, n'kupumira mpweya pazenera lozizira mpaka panachita nthunzi. Ndi chala analemba zilembo zopendekera, mosadodoma ngakhale pang'ono, poti dzina limene wafufuta kamakumi anayi suliiwala.

Radim anaima n'kumaliyang'ana mpaka nthunziyo inauma. Kenaka ananyamula mtsukowo n'kutuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatsanzike mayi Hanzlova powatchula kuti amayi.