Tsamba Lomaliza la Annette

Pa siteji ya Nsungwi ku Area 25 panali fumbi ndi utsi wa dizilo. Minibasi inali isanadzaze. Maness anakhala pawindo, buku pamiyendo. Chikuto chake chinali chomatamata ndi selotepi.

"Pepani achemwali. Limenelo si la Nyali za Korumba?"

Maness anadzutsa mutu. Mnyamata wamtali. Shati yosita bwino. Perefyumu wambiri.

"Mumawadziwa mabuku amenewa?"

"Kuwadziwa? Ine ndi Dovani weniweni! Kungoti bwato ndilibe."

Maness anaseka mpaka kondakitala anacheuka. Ku Kanengo, komwe ankagwira ntchito yojambula mapepala pa makina, anzake ankamuti wopenga. Mtsikana wamkulu kumalirira anthu a m'buku? Ndiye lero wina akumudziwa Dovani!

Nyali za Korumba inali nkhani ya mzinda womira pansi pa mchenga, kosafika dzuwa. Mtsikana wina, Mirenza, ankasunga nyali yomaliza ya mzindawo. Dovani, wopalasa bwato, analumbira kuti nyaliyo sidzazima iye ali moyo. Mabuku asanu a Chingerezi. Mafilimu anayi. Dzina la Chichewali analipeka ndi DJ womasulira mafilimu a m'mavidiyo sho, ndipo linakanirira.

"Ndine Pemphani."

"Maness."

Pofika m'tauni anali atapatsana manambala.

Mameseji anayamba tsiku lomwelo.

"Mirenza wanga, mtima wanga unali mzinda wa mdima. Iwe wabwera ndi nyali."

"Bebi, magetsi azime Lilongwe yense, ine ndizikuonabe."

Maness ankawerenga kawiri, katatu. Ankapsompsona foni ngati wamisala.

Tsiku lina akumwa zoziziritsa kukhosi ku Biwi, Pemphani anati, "Ine ndimafa nazo paja Dovani akuti, amwene, bwatoli si minibasi ya ku Kauma, wina atsike!"

Maness anachita tsinya. "Zimenezo si za m'buku. Ndi nthabwala za DJ."

"Ndikudziwa, switi. Ndimangokuyesa!"

Maness anamufotokozera Saida, mnzake wa ku sekondale, telala wa ku Kawale. Saida anachotsa singano pakamwa.

"Aise, munthu wakoyo anawerengadi? Kwawo unafikako?"

"Amakhala ku 23 ndi amalume ake. Akuti ndi ovuta."

"Amalume ovuta. Onse amatero."

"Nsanje basi iwe!"

Koma panali chinthu chimodzi chimene Maness anali asanauzepo mwamuna aliyense. Anamuuza Pemphani.

Mabuku asanuwo anali a Annette, mkulu wake. Anawatolera limodzilimodzi kwa ogulitsa mabuku akale m'makhonde a mashopu m'tauni. Ankawerengera limodzi, mitu itagundana. Annette ankalemba m'mphepete mwa masamba ndi bolopeni ya buluu. "Chitsiru ichi!" "Maness usalire." "Dovani ndi wanga, iwe funa wako."

Buku lachisanu Annette analimaliza yekha ali m'chipatala. Chaputala chomaliza anachipana ndi kapini kake ka tsitsi, kooneka ngati gulugufe.

"Patsamba lomaliza ndakulembera kanthu," anatero. "Osadumpha. Ukafikepo mwadongosolo."

Patatha masiku anayi anamwalira.

Zaka zitatu zinadutsa. Maness ankawerenga mpaka pakapini. Ankatseka. Ankayambiranso. Akatsegula pamenepo, Annette adzakhala atamaliza kulankhula. Ndani angafulumire zimenezo?

Pemphani anamvetsera, misozi ili lengelenge m'maso. Anamugwira manja onse awiri.

"Buku lachisanu lokha ndi limene sindinalipeze, nanga filimu yake kulibe. Ndibwereke, Mirenza wanga. Ndikupeze pomwe unalekera. Chaputala chomalizacho tidzatsegule limodzi, mutu wako uli paphewa langa. Sudzalira wekha."

"Kapiniko?"

"Sindikakhudza. Ndikulumbira. Bukuli ndilisunga ngati mmene Dovani ankasungira nyali."

Maness analikulunga m'nsalu. Anamupatsa.

Sabata. Masabata atatu. Mwezi.

"Ndikuwerenga pang'onopang'ono, switi, ndikufuna kumva kukoma."

"Mkulu wako anali ndi nthabwala bwanji! Ndikanakonda kumudziwa mlamu wanga."

"Mwezi wamawa ndikaonekera kwa amalume ako. Konzeka."

Anakonzekadi. Anagula nsalu ya buluu, mtundu wa mkanjo wa Mirenza. Loweruka masana anakwera minibasi ya ku Kawale kukayesa diresi kwa Saida.

"Wanenepa ndi chikondi," anatero Saida, akumuyeza m'chiuno. "Tiye ukanenepe zenizeni. Pakona apo pali tchipisi cha Kettie."

Kettie anali mayi wachitsikana, khanda kumsana, thukuta pamphumi. Chiwaya chinali kutsogolo kwa geti ya malata. Anawathirira tchipisi, kabichi, tsabola.

"Majumbo akusowa asisi, ndikukulungirani m'pepala."

Anakhala pabenchi. Maness anadya kamodzi. Kawiri. Kenako anaona zilembo pansi pa mafuta. Dzina. Mirenza.

Anasiya kutafuna.

Anakankhira tchipisi pambali ndi chala. Tsamba 412. Pansi pake mpata woyera, chizindikiro choti nkhani yatha. Maso sapempha chilolezo. Anawerenga mizere itatu yomalizayo asanaganize zotseka maso. Mapeto amene anawasunga zaka zitatu anawapeza pansi pa kabichi.

Ndipo m'munsimo, bolopeni ya buluu.

"Maness, mng'ono wanga, ukafika pano dziwa kuti"

Basi. Kotsalako kunali chithaphwi cha inki, mafuta ndi tsabola.

Anathamangira pangalande. Anasanza zonse.

"Ayi asisi, tchipisi changa n'chabwinobwino!" anakuwa Kettie. "Mafuta ndasintha dzulo lomweli!"

Maness anapukuta pakamwa. "Pepalali mwalitenga kuti?"

"Pepala? Si buku ili?" Kettie anaweramira pansi pa tebulo. Analitulutsa. Chikuto cha selotepi. Lopyapyala ngati lodwala. Theka lonse lakumapeto kunalibe. "Anabweretsa bambo akunyumba. Akuti anatola kuntchito. Mapepala ake ngabwino, sabooka msanga. Ndimang'amba chakumbuyoku, masamba ake anali othothoka kale. Tsamba lanulo linagwera pansi pa beseni, ndalipeza lero."

Kettie anatembenuka kuti abweze bukulo. Maness anaona m'tsitsi mwake. Gulugufe.

"Kapiniko..."

"Aka? Mphatso ya bambo omwewo." Kettie anamwetulira mwamanyazi. "Akuti anandigulira ku Game... ayi, akuti m'shopu ya m'tauni. Sakonda kugula zinthu, ndiye ndinadabwa."

Foni ya Maness inalira. Meseji.

"Mirenza wanga, ndili pa chaputala 30. Ndalephera ngakhale kudya. Buku ili ndi moto!"

Saida anawerenga ali paphewa pake. "Mayo ine," anatero.

Maness anatembenuzira foni kwa Kettie. "Nambala iyi mukuidziwa?"

Kettie anayang'ana. Anapukuta manja pachitenje. Anayang'ananso. Kumwetulira kuja kunachoka. Anatembenukira kugeti.

"Bambo a Jeremiah! Tatulukani kuno!"

"N'chiyaninso iwe? Munthu asapume?"

Geti inatseguka. Pemphani. Vesiti yobooka pamimba. Kabudula. Kamtengo kotokosera m'mano. Foni m'manja, chala chikadali pagalasi. Perefyumu kunalibe. Kunali fungo la tulo ndi mafuta okazingira.

Kamtengo kaja kanagwa.

"Mirenza..."

"Dzina limenelo lisatulukenso m'kamwa mwakomo."

"Bebi, ndikufotokozera. Awa ndi... ndi achemwali a..."

"Achemwali?" Kettie anamasula khanda pang'ono, nalitembenuzira kwa iye. "Uyunso ndi mphwanu? Muli pa chaputala 30 inu? Inu? Asisi, awa kalata ya kusikelo ndimawawerengera ndine. Filimu amagona isanafike pakati!"

Anthu anayamba kuunjikana. Akabaza anaimika njinga.

Maness sanakuwe. Mawu ake anali otsika. "Ndikufunsa chimodzi. Annette analemba chiyani patsamba loyamba?"

Pemphani anakanda m'mutu. "Analemba... dzina lake?"

"Analemba kuti, wobwereka abweze."

Wakabaza wina anaseka. Maness sanaseke.

"Unalitsegulako?"

"Switi, Chingerezi chake n'chovuta. Ndimafuna ndiyambe, ndiye ndinangoliika pawindo, awa n'kulitenga..."

"Bodza!" anatero Kettie. "Munandipatsa m'manja. Munati, Kettie, mapepala awa, usamandivutitse za majumbo."

"Ndiye zija unkati mkulu wanga anali ndi nthabwala?"

"Unandiuza wekha, bebi. Ndinkangobwereza." Anayesa kumwetulira. "Komatu ndi buku chabe. Ndikugulira lina. Latsopano, lapulasitiki!"

Maness anamuyang'ana kuyambira kumapazi. Milomo imeneyi ndi imene anaipsompsona? Phewa limeneli ndi limene ankafuna kuliliira?

"Lina," anatero. "Ukamudzutsenso Annette alembemo."

Pemphani anatambasula dzanja. Saida analimenya ndi tepi yoyezera. "Chotsa! Ukasambe kaye."

Kettie anazula kapini m'tsitsi mwake. Anakapukuta bwinobwino pachitenje. Anakaika pamwamba pa buku lija, napereka ndi manja awiri.

"Asisi, sindimadziwa. Masamba enawo apita ndi makasitomala. Mwina m'ngalandemu..."

"Si inu," anatero Maness.

"Bambo a Jeremiah," anatero Kettie osacheuka, "lowani. Ndizimitse moto kaye. Tikambirana."

Diresi la buluu linatsala kwa Saida. "Ulisoke makatani," anatero Maness.

Mu minibasi yobwerera ku 25 anakhalanso pawindo. Foni inalira. "Bebi tikambirane, satana anangolowererapo." Anaitseka nambalayo. Anafufuta mameseji onse, kuyambira wa nyali uja.

Anatulutsa tsamba 412. Linali litalowa mafuta mpaka kuonekera mbali zonse. Analiika pagalasi, dzuwa kumbuyo kwake. Anapendeketsa. Anatsinzinira. Dziwa kuti chiyani, Annette? Dziwa kuti chiyani?

Kuwala kunadutsa. Mawu sanabwere.

Analipinda kamodzi. Analipana m'buku ndi gulugufe uja. Zala zinkanunkhabe tchipisi.

Pa Kanengo panakwera mnyamata wina. Shati yosita bwino. Anakhala pambali pake, nasuzumira.

"Pepani achemwali. Bukulo ndi la chiyani?"

Maness analifungatira pachifuwa.

"Ndi la mkulu wanga," anatero. "Silibwerekedwa."