Bolodi la Chesi la a Davis

Chimene Luisa anayamba kuona chinali hatchi. Amuna ake, a Davis, anabwera ku Joni ndi kompyuta yakale ndi bolodi la chesi, ndipo madzulo ankayala tizidole pabolodipo n'kupikisanitsa mapulogalamu awiri, kuti aone pulogalamu imene ingapeze njira yothira nkhondo mfumu. Onse akalephera, ankasiya bolodi patebulo n'kukagona akutukwana.

M'mawa wina akusesa, Luisa anapeza kadole ka hatchi yoyera katachoka pamalo pake pabolodipo.

"Ndiwe ndi tsache lakoli," anakalipa a Davis.

Komabe analowetsa kasunthidweko mu kompyuta. Makinawo anaganiza nthawi yaitali, kenako anavomera kuti mfumu yakuda inalibenso kothawira.

Kuyambira pamenepo a Davis ankayala zovutirapo. Usiku, mwera ukaleka kugwedeza malata, Luisa ankamva kuti go, ngati wina akuika kamtengo pathabwa mosamala, ndipo kukacha kadole kena kankakhala katasuntha. Masiku omwewo mwana wawo Takondwa, woti sanayambe n'komwe sukulu, anayamba kudzuka ali lefu, maso ali psu, phala osalifuna. Kuchipatala ku Chipyela sanamupeze malungo.

M'mudzi mwawo ku Khuyu kunamveka manong'onong'o oti Luisa, mkazi wa ku Cobue kutsidya kwa nyanja uja, anabwera ndi zamatsenga zakwawo. Mlongo wa a Davis, a Millicent, sananong'one ayi.

"Mwana akutha, inu muli phee. Mabwato akwanu sanathe, alamu."

Luisa anapempha amuna ake. "Bambo a Takondwa, chotsani bolodili m'nyumba muno."

"Makompyuta akugonja patebulo panga, iwe ukuti ndichotse? Ukangoligwira, ukwera bwato lomwelo."

Usiku umenewo Luisa anamangirira mwanayo kudzanja lake ndi chitenje. Anadzidzimuka mdima uli bii, mfundo ili chimangire, pamphasa palibe mwana. Anafufuza khoma mpaka pakhomo la pabalaza.

Kompyuta inali yoyaka, kuwala kwake kobiriwira kukugwa pabolodi. Takondwa anali atagwada pampando, maso ali otseka, thukuta likutsika m'khosi, akupuma ngati wakwera phiri. Kadzanja kake kanayenda pamwamba pa tizidole mosakayika, kananyamula mfumukazi n'kuiika kutsogolo kwa mfumu yakuda. Go.

Luisa anati athamange, koma dzanja linamugwira pamkono mwamphamvu. Anali a Davis, ataima kuseri kwa chitseko, atavala malaya ndi nsapato zomwe, ngati munthu amene sanagoneko.

"Mumadziwa," ananong'ona Luisa. "Masiku onsewa mumadziwa, n'kumawasiya anthu akundinena."

"Khala chete."

"Mwana wanu akufa, bambo."

"Usamudzutse," anatero a Davis, maso ali pabolodi. "Mnzake sanayankhe."

Tsidya lina la tebulo panali mpando wopanda munthu. Mpandowo unalira pang'ono, n'kusendera pafupi.