Dzanja la Pambali pa Mng'alu

Ndikulumbira pali mayi anga ondibala, mphezi ing'ambe pompano ngati muli bodza m'nkhani iyi!

Pa yunivesite panali mtsikana wophunzira zomangamanga, anzake ankangomuti Injiniya. Lipoti lake lomaliza linali la mng'alu wa pakhoma la nyumba yakale ya mabuku. Kulephera limenelo, kubwereza chaka. Aphunzitsi anali atanenetsa kuti chithunzi cha mng'alu chizikhala ndi chinthu pambali choyerekezera kukula kwake.

Tsiku lojambula, rula anaiwala. Bambo wina wachipewa, amene anangoima chapafupi, anati, "Ndiikepo dzanja, mwanangu?" Injiniya anavomera, n'kujambula. Pakompyuta anadula bamboyo, n'kusiya dzanja lokha.

Usiku, kuli zii, kukungomveka mpopi wa kubafa ukudontha mumdima, anatsegula chithunzicho. Dzanja linali litasendera. Masana linali pambali, tsopano chala chimodzi chinali m'kati mwa mng'alu.

"Iwe, tadzuka uone," ananong'oneza mnzake wa bedi lapamwamba.

"Gona, Injiniya. Kapena wayamba kufwenkha simenti?"

Usiku wotsatira zala zonse zinali zitalowa, mng'alu utayasama ngati wina akuukanula. Miyeso ya m'lipoti ndi chithunzi, osagwirizananso. M'mawa anathamangira kukhoma kuja: mng'alu uli mmene unalili. Anafunsa osesa za bamboyo. Wina anati ndi mlonda wakale, wina anati ndi mmisiri amene anamanga khomalo, wina anangonyamula tsache n'kuchokapo. Anayang'ana m'foni chithunzi chosadula chija. Munali khoma ndi dzanja basi. Nanga iye anadula ndani?

Kenako kunayamba kukanda, kwe, kwe, pang'onopang'ono, m'kati mwa kompyuta yozimitsa. Mnzake uja nthabwala zinamuthera, anatsika n'kudzafunda naye bulangete limodzi.

Kutacha, Injiniya anatenga rula, anakajambulanso, anayang'anitsitsa, dzanja mulibe, anasindikiza, n'kupereka.

Aphunzitsi anamuitanitsa, magalasi ali pamphuno.

"Chithunzi chabwino ichi. Koma rula ndi dzanja, zonse ziwiri zachiyani? Chimodzi chikanakwana."

Injiniya anasuzumira. Rula inalipo, itaima njo! Ndipo zala zinayi zochokera m'kati mwa mng'alu zinali zitaigwirizira bwinobwino kuti isagwe.

"Komanso wokuthandiza amatchulidwa pansi pa chithunzi," anatero aphunzitsi, akumupatsa cholembera. "Lembapo dzina lake, ndikupatse malikisi ako."

Mtsikana anakhoza, chaka sanabwereze. Chabwino, zokhozazo ndangoikapo ine, kuti mugone bwino.