Jeke Watsopano wa Amayi

Timba anali kamtsikana kakang'ono. Sankakhazikika malo amodzi. Ankalumphalumpha ngati kambalame. N'chifukwa chake aliyense ankamutchula kuti Timba.

Timba ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Amayi apeze jeke wabwino.

Amayi ake anali makaniko. Ankakonza magalimoto m'galaja, kuseri kwa nyumba. Anali ndi masipanala. Anali ndi nyundo. Analinso ndi jeke.

Jeke ndi chitsulo chonyamulira galimoto. Ali ndi timawilo. Ali ndi chogwirira chachitali. Ukapopa chogwiriracho, galimoto imakwera m'mwamba.

Koma jeke wa Amayi anali atakalamba. Ankalira kuti kwii, kwii. Ankadontha oyilo kuti tho, tho.

"Amayi, jekeyu watopa," ankatero Timba.

"Ndikudziwa, mwanangu," ankayankha Amayi. "Apirire pang'ono."

Tsiku lina m'mawa kunabwera Anamwino. Anali nesi wa kuchipatala. Anabwera ndi galimoto yawo yoyera.

"Mabuleki akulira," anatero Anamwino. "Mundionereko."

Amayi analowetsa jeke pansi pa galimoto. Anapopa, anapopa. Galimoto inakwera. Amayi anachotsa tayala. Analowetsa dzanja kuti aone mabuleki.

Timba anakhala patali, pa benchi. Lamulo la Amayi linali lomwelo. Mwana sayandikira galimoto yonyamulidwa.

"Sipanala ija ili kuti?" anafunsa Amayi.

Anatulutsa dzanja. Anatembenuka.

Khuu!

Galimoto inagwa. Jeke anali atagonja. Chitini cha oyilo chinali pansi pa galimotoyo. Chinaphwanyika, chinangoti phwatalala.



Timba anathamanga. Anakumbatira Amayi. Anagwira dzanja lawo. Anagwira chala chilichonse.

"Amayi, dzanja lanu linali pomwepo!" anatero Timba, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndilipo, mwanangu," anatero Amayi. "Dzanja lilipo. Zala zilipo. Tithokoze."

Bambo anamva phokosolo. Iwo anali telala, ankasoka zovala m'nyumba. Anatulukira akuthamanga, tepi ili m'khosi.

Anaona galimoto. Anaona chitini. Anaona Amayi. Anapumira m'mwamba.

Kenako analowanso m'nyumba. Anabwera ndi kachikwama.

"Amake Timba, tengani," anatero Bambo. "Kagulenitu jeke lero lomwe."

"Iyayi, bambo ake," anatero Amayi. "Izi mumasungira nsapato zanu."

"Nsapato zidikira," anatero Bambo. "Dzanja silimera kawiri."

Amayi analandira ndi manja awiri. "Zikomo," anatero.

"Ine ndikwera basi," anatero Anamwino. "Galimoto isakudetseni nkhawa. Ndibwera madzulo."

"Zikomo, Anamwino," anatero Amayi.

Timba ndi Amayi ananyamuka. Anapita ku sitolo ya zitsulo. Mwini sitoloyo anali ndi ndevu zambiri. Aliyense ankawatchula kuti Andevu.

"Takulandirani!" anatero Andevu. "Tikuthandizeni chiyani?"

"Tikufuna jeke," anatero Amayi.

"Wolimba," anatero Timba.

"Koma wosaboola m'thumba," anawonjezera Amayi.

Andevu anaseka. Ndevu zinagwedezeka. "Bwerani muone."

Jeke woyamba anali wamkulu. Anali wamkulu kuposa Timba.

"Uyu amanyamula malole," anatero Andevu.

Amayi anaona mtengo wake. Anagwira pakamwa.

"Ine sindikonza malole," anatero. "Ndipo kachikwama kanga kakomoka."

Jeke wachiwiri anali wofiira kuti psuu. Ankawala kuti waliwali. Mtengo wake unali wotsika kwambiri.

Maso a Timba anawala. "Amayi, uyu! Tigule uyu! Ndi wokongola!"

Amayi anamunyamula ndi dzanja limodzi. Anali wopepuka. Anamugogoda. Analira kuti ngwe, ngwe, ngati chitini.

"Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere," anatero Amayi. "Tiyambe tamuyesa."

"Yesani," anatero Andevu. "Ndangomulandira kumene. Inenso sindinamuyese. Galimoto yanga ili panjapo."

Anatuluka onse. Amayi analowetsa jeke wofiira pansi pa galimotoyo. Anapopa, anapopa. Galimoto ya Andevu inakwera. Tayala linachoka pansi.

"Mwaona?" anatero Andevu. "Wanyamula!"

Amayi ndi Andevu anayamba kukamba za mtengo. Iwo ankayang'anana. Sankayang'ana galimoto.

Timba anakhala patali. Anakhala pansi, chibwano pa mawondo. Ankayang'ana tayala.

Pakati pa tayala ndi msewu panali mpata. Pa mpatapo pankaoneka kuwala. Kuwalako kunali kwakukulu.

Timba anayang'ana. Kuwala kunachepa.

Timba anayang'anabe. Kuwala kunachepanso.

Timba anapukuta m'maso. Anayang'ananso. Kuwala kunangotsala ngati ulusi.

"Amayi! Amayi!" anafuula Timba. "Galimoto ikutsika!"

Amayi anatembenuka. Andevu anatembenuka. Tayala linagunda pansi mwakachetechete.

"Aa!" anatero Andevu. Anagwira ndevu zawo. "Akutsika yekha, popanda womuuza!"

Timba anayang'ana jeke wofiira uja. Anali akuwalabe. Koma Timba sanamufunenso.

Andevu anawerama. Anagwira Timba chanza.

"Zikomo, mdzukulu wanga," anatero. "Ndikanagulitsa ngozi osadziwa. Jeke ameneyu abwerera komwe anachokera."

Timba anamwetulira. Koma posakhalitsa nkhope yake inagwa.

"Wamkulu ndi wodula," anatero. "Wofiira ndi wabodza. Nanga titani, Amayi?"

"Dikirani," anatero Andevu. "Alipo wina."

Anapita pakona ya sitolo. Anasuntha makatoni. Anakoka jeke wachitatu. Gudubu, gudubu, gudubu.

Jekeyu sanali wofiira. Sankawala. Anali wotuwa. Pambali pake penti anali atakalika.

"Ndi watsopano," anatero Andevu. "Anangokalika pobwera. Anthu akaona zipserazi amangomudutsa."

Timba anakwinya mphuno. "Ndi wosakongola."

"Tamunyamula," anatero Amayi.

Timba anayesa. Anakokera m'mwamba. Anabuula. Jeke sanasunthe n'komwe.

"Ndi wolemera!"

"Ndi chitsulo chenicheni," anatero Amayi.

Amayi anagwada. Anayang'ana mawilo. Anali olimba. Anayang'ana mowotcherera. Munali mosalala. Anayang'ana pansi pake. Panalibe dontho la oyilo.

"Taona, Timba," anatero Amayi. "Ndi wotambalala, sangapendeke. Ndi wamfupi, alowa pansi pa galimoto iliyonse. Nanga pambalipa palembedwa chiyani?"

"Nambala," anatero Timba.

"Nambalayo ikutiuza kulemera komwe angathe kunyamula. Magalimoto anga onse awatha."

"Koma tiyambe tamuyesa," anatero Timba.

Amayi anaseka. Andevu anaseka.

Amayi anapopa jeke wotuwa. Anapopa, anapopa. Galimoto inakwera. Tayala linachoka pansi.

Timba anakhalanso patali. Chibwano pa mawondo. Maso pa tayala.

Anadikira.

Munthu wina anabwera kudzagula misomali. Anagula, anapita. Kuwala kunali komweko.

Anadikirabe.

Galu anadutsa. Anagona pa mthunzi. Anayasamula. Kuwala kunali komweko.

Anadikirabe.

Miyendo ya Timba inkafuna kulumpha. Koma Timba anaiuza kuti, "Khalani chete." Galu anadzuka, anapita. Kuwala kunali komweko.

Timba analumpha. "Sakutsika! Amayi, sakutsika!"

Amayi anayang'ana Andevu. Anafunsa motsitsa mawu. "Nanga mtengo?"

"Wokalika sagulidwa ngati wosakalika," anatero Andevu. Anatchula mtengo.

Amayi anatsegula kachikwama. Anamwetulira. Ndalama zinakwana. Zina zinatsalako.

"Zotsalazo musapite nazo," anatero Andevu. "Onani izi."

Anatulutsa zitsulo ziwiri za miyendo. Zinkaoneka ngati timipando.

"Awa ndi masitandi," anatero. "Jeke ntchito yake ndi kunyamula. Masitandi ntchito yawo ndi kuchirikiza. Galimoto ikakhala pa iwo, sigwa."

"Ndakhala ndikuwalakalaka," anatero Amayi. "Ndipatseni onse awiri. Zikomo kwambiri, Andevu."

"Zikomo ndinu," anatero Andevu. "Ndi kamwana ka maso akuthwaka."

Anabwerera kunyumba. Amayi ankakoka jeke. Gudubu, gudubu, gudubu. Timba anakumbatira sitandi imodzi. Inayo inali m'dzanja la Amayi.

Bambo anawachingamira pa geti.

"Ameneyu ndiye mwagula?" anafunsa. "Wotuwa ngati sanasambe?"

"Bambo, musamunyoze," anatero Timba. "Tamuyesa. Satsika."

Analowa m'galaja. Amayi anaika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Analowetsa jeke pamalo pake.

"Timba, bwera," anatero Amayi. "Lero upope ndiwe. Ine ndili pambali pako."

Timba anagwira chogwirira. Chinali chachitali ngati iye. Anakanikiza. Chinatsika mosavuta. Anapopa, anapopa.

Galimoto ya Anamwino inayamba kukwera. Pang'ono, pang'ono.

"Anthuni, bwerani mudzaone!" anafuula Bambo. "Mwana wanga wanyamula galimoto!"

Amayi anaika masitandi. Anagwedeza galimoto. Inangoti nji. Timba anabwerera pa benchi. Amayi anakonza mabuleki. Anabwezera tayala. Anachotsa masitandi n'kutsitsa galimoto.

Dzuwa litapendeka, Anamwino anabwera. Anayendetsa galimoto. Anaponda buleki. Sinalire.

"Zikomo, amake Timba!" anatero Anamwino. Anapita akuimba hutala. Pii, pii!

Amayi anakhala pa benchi. Anakokera Timba pafupi. Anagwira masaya ake ndi manja onse awiri.

"Zikomo, mwanangu," anatero.

Atachotsa manja, Bambo anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Chiyani?" anafunsa Timba.

"Tayang'ana pagalasi," anatero Bambo.

Timba anayang'ana pagalasi la pakhoma. Masaya onse awiri anali bii ndi oyilo.

Timba sanapukute. Anapita kwa Bambo mwakachetechete. Anawakumbatira. Anakhudzitsa tsaya lake pa tsaya lawo.

Tsopano Bambo nawo anali bii.

"Sopo ali kuti?" anafuula Bambo.

Amayi anaseka. Timba anaseka. Onse atatu anapita kumpopi, atagwirana manja.