Botolo Limene Linagona ndi Nsupa

Laston anali mwana woyamba wa m'mudzi mwawo ku Jenala kufika ku yunivesite. Anakaphunzira za mankhwala, maphunziro amene amawatcha famase. Anthu ankamuitana kuti adokotala ngakhale iye ankakana. Ankadziwa mlingo wa khanda ndi wa munthu wamkulu, ankadziwanso mankhwala amene sayenera kukumana m'mimba imodzi.

Atamaliza anamutumiza pachipatala china kuno ku Phalombe kuti ayambe wagwira ntchito pansi pa akuluakulu asanalandire chilolezo chake. Malipiro anali ochepa. Ankapita kuntchito pa njinga yobwereka, kolala ya malaya atachita kuitembenuza. Mkazi wake Mervis ndi mwana wawo Eneya ankakhala ku Kaduya pafupi ndi mayi a Mervis, monga mwa chikamwini chathu, m'kanyumba ka udzu kodontha.

Chimene chinkamudya mtima kwambiri chinali munthu wina dzina lake Sitima. Ameneyu anaphunzira naye ku pulayimale n'kuthawa sukulu asanadziwe kulemba kalata, koma tsopano ankagula nandolo ndi fodya, ali ndi malole ake. Akamupeza Laston pamsewu ankaimitsa lole, fumbi lonse n'kumuthira.

"Adokotala! Ponyani njingayo kumbuyoku. Kapena digiri siilola kukwera pamatumba?"

Laston akadandaula pafoni kwa Howard, mnzake wa ku yunivesite, Howard ankamulimbitsa mtima.

"Amwene, pirira. Ife a famase m'dziko muno ndife ochepa. Ukangolandira chilolezo, zipatala za mishoni zikufuna, makampani oitanitsa mankhwala akufuna, mabungwe akufuna. Ntchito idzachita kukusaka."

"Nanga mwana wanga adzidya kupirirako?" ankayankha Laston.

Tsiku lina anakwera lole ija. Asanafike pa Migowi anali atafunsa kale funso limene Sitima ankaliyembekezera, ndipo Sitima anamulozera njira ya kwa sing'anga amene anamukhwimitsa kuti alemere.

Sing'angayo ankakhala kuseri kwa phiri la Mauzi, mbali ya Mozambiki. Laston anamupeza masana, ali pakhonde akusenda chinangwa, atavala jekete laukhondo. Sanaoneke woopsa mpang'ono pomwe.

"Fikani, anzanga a ntchito imodzi," anatero sing'anga. "Inu mabotolo, ine nsupa. Mukufuna sitolo ya mankhwala yoti anthu azidutsa masitolo ena onse kubwera kwa inu. Ndanama?"

"Simunaname. Koma ndineneretu, magazi a munthu sindikhudza. M'bale wanga sindipereka."

Sing'anga anaseka. "Magazi ndi za anthu osaphunzira ngati Sitima. Inu muli ndi chinthu chokoma kuposa magazi."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa nsupa yakuda yovekedwa mikanda yoyera.

"Iyi imadya mphamvu ya mankhwala. Mwezi ukaoneka, tengani botolo limodzi la mankhwala a ana, muligoneke pambali pake. Kukacha mulibwezere pashelefu. Mtundu udzakhala womwewo, fungo lomwelo. Muligulitse."

Laston ankadziwa bwino chimene chimachitika mwana wa chibayo akamwa madzi a shuga m'malo mwa mankhwala.

"Ndiye mwanayo?"

"Ndatchula mwana ine? Ena amachira okha. Ena ayi. Inu simupha munthu, adokotala. Amapha ndi matenda."

"Nditati ndilitaye botololo?"

"Silitayidwa. Ndipo dzanja la wogula likalilandira, musalilande. Pakamwa panu pasatuluke mawu. Mukaphwanya chimodzi mwa izi, chuma chidzapita, mutu wanu n'kutsatira." Anatola chinangwa china n'kuyamba kusenda. "Muli ndi ana angati?"

"Mmodzi."

"Mumukonde kwambiri."

Laston anaima kanthawi pabwalo paja. Kenako anakulunga nsupa m'malaya ake amvula n'kubwerera.

Chilolezo chitangotuluka anasiya ntchito n'kutsegula sitolo pa Migowi ndi makatoni ochepa. Anaitana mchemwali wake Rozaria kuti azimuthandiza pakauntala. Mwezi usanathe mzere unkafika mumsewu. Anthu ankachokera ku Chiringa, ku Mpasa, ena kumadoko a nyanja ya Chilwa. Chaka chisanathe anagula galimoto, ndipo ku Kaduya anamanga nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata. Sitima anasiya kumuseka.

Botolo lija ankaligulitsa yekha. Ankaliika kutsogolo kwa shelefu, diso lili pomwepo, n'kumadikira nkhope yachilendo: mayi wa ku Mozambiki, mkazi wa msodzi, munthu amene sadzabweranso kudzafunsa. Ankawalangiza bwinobwino mlingo wake. Amayiwo ankalandira ndi manja awiri, atagwada pang'ono, n'kunena kuti, "Mulungu akudalitseni, adokotala."

Chaka chachiwiri nsupa inayamba kutsokomola. Inali m'kabati m'chipinda cha kumbuyo, ndipo inkatsokomola ngati khanda, masanasana. Rozaria sankamva kanthu. Laston akaigonekera botolo inkakhala chete, koma sinkadikiranso mwezi. Inayamba kufuna sabata iliyonse. Maliro a kabokosi kakang'ono akamadutsa mumsewu, Laston ankatembenuka n'kuyamba kupukuta mashelefu opukuta kale.

Nthawi imeneyi Howard anadzamuona. Anali atalembedwa ntchito pakampani ina yoitanitsa mankhwala ku Blantyre, ali ndi kagalimoto kakale ndi nkhope ya munthu wogona tulo.

"Amwene, kwathu akufuna munthu wina wa famase. Ndatchula dzina lako. Chuma uli nacho, koma waonda ngati wodwala. Tiye."

Laston anafuna kuvomera. M'chipinda cha kumbuyo munamveka kutsokomola.

"Sitolo ndingaisiyire ndani?" anatero, maso ali pansi.

M'mwezi wa June kunagwa chiperoni, mphepo yozizira yotsika m'phiri la Mulanje ndi mvula yowaza. Ana ambiri anadwala chibayo. M'mawa wina Laston atangobwezera botolo pashelefu, anaona apongozi ake, mayi a Mervis, akutsika pa njinga ya kabaza kutsidya kwa msewu.

Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Akakumana panjira wina amapatuka, ndipo m'nyumba mwawo salowa, pokhapokha achite mwambo woti ayambe kulankhulana. Mervis ankamukumbutsa za mwambowo, koma Laston ankangoti watanganidwa. Choncho atawaona, miyendo inamutengera yokha kuseri kwa katani, monga ankachitira nthawi zonse.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Kwagwanji m'mawa uno?" anafunsa Rozaria.

"Kwathu sikuli bwino, mwanangu. Eneya akubanika, nthiti zikuchita kulowa m'kati. Tinapita naye kuchipatala, akuti ndi chibayo, koma mankhwala ake atha. Akuti tigule. Ine ndati, tigulenso kuti, bambo ake ali ndi sitolo yonse?"

Rozaria anatambasula dzanja n'kutenga botolo limene linali kutsogolo.

Laston ankaona zonse pa mpata wa katani. Anaona botolo likuchoka pashelefu. Akanangokhosomola, Rozaria akanatembenuka. Koma anayamba waganiza kaye za galimoto, za nyumba ya malata, za mutu wake, ndipo pamene ankamaliza kuganiza, apongozi anali atalandira ndi manja awiri.

"Amwe m'mawa, masana ndi madzulo mpaka lithe," anatero Rozaria. "Osasakaniza ndi ena."

"Muwathokoze bambo a Eneya. Ndikudziwa ali pafupi," anatero apongozi moseka pang'ono, akumanga botolo pansonga ya chitenje.

Munthu wina akanathamangira kwa mwana. Laston anathamangira kwa sing'anga, kukafunsa ngati pali njira yopulumutsira zonse ziwiri. Anayendetsa galimoto m'matope mpaka pamene msewu unathera, kwinako anayenda pansi.

"Botolo lapita kwa mwana wanga. Ndipatseni njira. Ndigoneka mabotolo khumi m'malo mwake."

"Nsupa siisankha, adokotala. Amene ankasankha ndi inu." Sing'anga sanadzuke n'komwe pampando. "Ana a ku madoko aja analibe abambo awo?"

"Nanga nditamupatsa botolo lina labwino, lija osalilanda?"

"Yesani. Koma mukafunsidwa chifukwa, muyankha chiyani?"

Anafika ku Kaduya dzuwa litapendeka. Nyumba yake ya malata inali yozizira, choncho mwana anali atamusamutsira m'nyumba ya apongozi mmene munali moto. Laston anaima pabwalo n'kuitana mkazi wake. Mervis anatuluka maso atafiira.

"Munali kuti tsiku lonse, bambo a Eneya?"

"Mupatse ili," anatero Laston, akumupatsa botolo lina.

Mervis analitembenuza. "Si lomwe lija? Dzina lomwelo, chithunzi chomwecho. Lija tayamba kale, wamwa kawiri. Alamu anati tisasakanize."

"Ili ndi labwino."

"Nanga lija ndi loipa?"

M'nyumba munamveka Eneya akutsokomola, ndipo kutsokomolako kunali komwe kuja Laston ankakumva m'kabati miyezi yonse ija.

"Tiyeni naye kuchipatala chachikulu," anatero. "Galimoto ilipo."

Mervis analowa kukawauza mayi ake. Mawu a apongozi anatuluka pakhomo, akulankhula ndi mwana wawo koma kuti mkamwini amve.

"Uwauze bambo a Eneya akhazike mtima pansi. Mwana wobanika sitimutulutsa pa chiperoni chotere. Mankhwala ndi a m'sitolo mwawo, anthu amachoka kutali kudzawafuna. Ife tikayike chifukwa chiyani? Tione kukacha."

Panatsala chinthu chimodzi chokha choti achite, kunena zoona. Laston sananene. Anadziuza kuti ena amachira okha. Anakakhala m'galimoto, botolo labwino lili m'manja.

Kutacha Mervis anatuluka akuthamanga. "Bambo a Eneya, milomo yake yada! Sakulira n'komwe!"

Apa Laston anaiwala mwambo, anaiwala nsupa. Analowa m'nyumba ya apongozi, natsomphola botolo limene gogoyo ankafuna kuthira pasupuni, n'kuliphwanya pakhoma.

"Mulibe mankhwala umu! Ndi madzi! Linagona ndi nsupa! Ndinakhwima ine, amayi, ndinakhwimira ana a anthu!"

Apongozi anamuyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba chikwatireni mwana wawo. Ananyamula mdzukulu wawo n'kukalowa naye m'galimoto. Laston anayendetsa ngati wolusa, koma asanafike pamsewu waukulu Mervis anayamba kulira maliro.

Pamaliro Laston sanakhetse msozi. Ankangozungulira pakati pa azimayi, kuwafunsa mmodzimmodzi kuti, "Munagulapo kwa ine? Mwana wanu alipo?" Ena anayankha kuti alipo. Mayi wina wa ku Mpasa anangofunda chitenje kumutu n'kuyamba kulira mwana wina amene sanali Eneya. Nkhani inamveka mpaka kumadoko. Rozaria anathawira ku Jenala. Sitolo inatsekedwa, galimoto inaolera pabwalo, ndipo abale a Mervis anathetsa ukwati.

Abale ake anapita naye kuchipatala cha odwala misala kawiri konse, koma ankabwerako osachira. Lero mukafika pamsika wa Migowi mumupeza atavala gauni loyera limene linasanduka lofiira ndi fumbi. Salankhula ndi amuna. Amangoyang'ana amayi obereka ana. Akaona wina atanyamula botolo la mankhwala amamutsatira, akugwada m'matope, akuchonderera kuti, "Amayi, bwezani, musamupatse." Amayi achilendo amathawa. Ife odziwa timangomangitsa chitenje cha mwana kumbuyo n'kudutsa patali.

Maphunziro a Laston anali munda wabwino, woti ukanamudyetsa mpaka ukalamba, iye ndi mwana wake. Anangoona kuti ukuchedwa kucha. Ambiri a ife amayi sitidziwa kuwerenga zolembedwa pabotolo. Timalandira ndi manja awiri, n'kukathira m'kamwa mwa mwana, chifukwa timakhulupirira munthu amene anaphunzira. Inu amene Mulungu anakupatsani nzeru zotere, dyani zochepa zimene thukuta lanu labweretsa, zambiri zidzakupezani m'nthawi yake. Dyera silikhuta, ndipo chuma chokhwimira chikamaliza kudya ana a eni, chimalowa m'nyumba mwa mwini wake.