Eneless ndi Anapiye Asanu ndi Atatu

Eneless ankakhala ku Mkaika, pafupi ndi Katete. Iye ankadziwa kuwerenga mpaka zisanu basi. Zala za dzanja limodzi zikatha, nayenso ankathera pomwepo.

Atate ake anali atapita kumigodi ku Kitwe. Asanapite, anatola mazira atatu a nkhanga kuthengo. Anawaika pansi pa thadzi la nkhuku, pamodzi ndi mazira ake asanu.

"Ndikadzabwera, ndidzapeze nkhanga zanga," anatero atate.

Thadzi linaswa anapiye asanu ndi atatu.

Tsiku lina amayi ankapita kudimba. Anagwira manja a Eneless.

"Dzanja ili ndi ana a nkhuku. Asanu. Zala izi ndi ana a nkhanga. Atatu. Onse pamodzi?"

"Asanu ndi atatu, amayi."

"Eya. Uwayang'anire bwino. Kabawi ali ndi njala."

Amayi anapita. Eneless anatenga lichero. Anayamba kupeta chimanga.

Mwadzidzidzi, thadzi linakuwa. Mthunzi unadutsa pabwalo. Kabawi!

Eneless anaponya lichero. Kabawi anathawa. Anapiye onse anabalalika.

Eneless anasuzumira pansi pa thadzi. Mmodzi, awiri, atatu, anayi, asanu. Dzanja linadzaza.

"Onse alipo," anatero Eneless.

Kenako anayang'ana dzanja linalo. Asanu okha si onse ayi. Asanu ndi atatu, kuchotsapo asanu, atsala atatu. Ana a nkhanga panalibe!

Eneless anafuna kuseri kwa nyumba. Sanapeze kanthu. Anafuna kukhola. Sanapeze kanthu. Ana a nkhanga ndi akatswiri pobisala. Amangoti phee, ngati miyala.

Eneless anagwada pansi pa nkhokwe. Anaona timaso. Mmodzi, awiri.

Atatu, kuchotsapo awiri, watsala mmodzi. Chala chimodzi chinali chiimire.

Eneless anafuna m'udzu. Anafuna m'mphanje. Anayang'ana kumwamba. Kabawi anali akuzungulirabe. Eneless anachita mantha kwambiri.

Amayi anafika. Anamupeza akulira.

"Amayi, alipo asanu ndi awiri. Mmodzi wasowa. Atate ndidzawauza chiyani?"

"Khala chete pang'ono," anatero amayi. "Tamvera."

Psii. Psii.

"Nanga lichero langali layamba liti kulira?" anafunsa amayi.

Lichero linali litagwa chovundikira. Eneless analikweza pang'onopang'ono. Kamwana ka nkhanga kanatuluka, chimanga chili kukamwa.

Amayi anaseka. "Wamubisa wekha, iwe."

Eneless anapukuta misozi. Anatambasula dzanja lonse. Anaimika zala zitatu.

"Asanu ndi atatu, amayi. Tsopano onse alipodi. Atate adzapeza nkhanga zawo."