Pamene Dzanja Silifika

Juzi anatseka chitseko cha chipinda chogona atsikana n'kuima kaye kumvetsera. Ku bwalo la masewero anzake ankakuwa ndi kuimba. M'chipindamo munali zii, mabedi okhaokha ndi matawulo olendewera m'mazenera.

Dzina loti Juzi anam'patsa ndi anzake, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo, iye juzi sankavula. Pansi pa juziyo panali khungu lofiira, lotupa, la mamba oyera omwe ankayoyokera pa bulangete. Adokotala anati si matenda opatsirana, ndi thupi lake lomwe likulimbana ndi khungu lake. Koma ndani akanamva zimenezo? Bedi lake analikankhira pakona. Pa mzere wa chakudya, kutsogolo ndi kumbuyo kwake kunkatsala malo okwana munthu wina. Chiyambire teremu palibe anamukhudzapo, ngakhale mwangozi, ndipo izi zinkamupweteka kuposa kuyabwa.

Anatulutsa tizigamba tiwiri tomwe tinamutsalira, mankhwala atsopano amene chipatala chinkayesa pa odwala ngati iye. Mawu a anesi ankawakumbukira bwino.

"Mankhwalawa ndi puloteni, mwanawe," anatero anesi tsiku lija. "Ukamwa, mimba igaya ngati dzira. Ukadzola, salowa, poti khungu ndi mpanda wolimba. N'chifukwa chake pansi pa kachigambaka pali tisingano tating'onoting'ono. Timaboola pamwamba pokha, kenako timasungunuka n'kusiya mankhwala pomwe pali vuto. Koma uzikadinikiza ndi dzanja, osasuntha, mpaka kubaya kutasiya. Zakumsanazi ukapemphe mnzako."

"Chabwino," Juzi anayankha, ngati kuti mnzakeyo analipo.

M'mikono ndi m'mawondo anali atamata kale yekha, ndipo kutupa kunali kutayamba kuphwa. Panatsala pakati pa mapewa, pomwe pankayabwa mpaka kumulepheretsa kumva za m'kalasi. Anavula juzi, n'kupinda mkono mpaka phewa kulira. Kachigamba anakafikitsa ndi nsonga za zala, kenako anatsamira khoma kuti limudinikizire. Koma khoma ndi khoma basi. Kanatsetsereka, kanapindika, n'kugwa pansi tisingano titaphwanyika. Kanatsala kamodzi kokha, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala linali kutali.

"Mayo ine!"

Juzi anatembenuka. Pakhomo panaima Wailesi, nsapato za masewero zili m'manja. Mwa anthu onse, Wailesi! Mtsikana ameneyu nkhani ikamulowa m'khutu, pofika madzulo ngakhale ophika kukhitchini amakhala ataimva. Ndiyenso anayambitsa dzina loti Juzi.

"Waona kale," anatero Juzi, akudziphimba pachifuwa. "Pita ukawauze."

Wailesi sanapite. "Nanga khomalo lakulakwira chiyani, kuti uzilimbana nalo chonchi?"

Juzi anafuna kukhala chete, koma anali atatopa. Anafotokoza za tisingano, za dzanja, za kamodzi kotsalako, maso ali pansi.

"Ndiye bwanji osanena?"

"Ndinene kwa ndani?"

Wailesi anayang'ana bedi lapakona lija. Tsiku lolikankha, iye anagwira nawo kumiyendo, akuseka.

"Sinditenga?" anafunsa chapansipansi.

"Si zopatsirana. Ndakhala ndikunena."

Wailesi anaponya nsapato pansi n'kutuluka. Juzi anakhala pa bedi. Basi, nkhani yapita kubwalo. Anayamba kuvala juzi yake, koma dzanja limodzi litangolowa, chitseko chinatsegukanso. Anali Wailesi yemwe uja, yekha, manja akununkhira sopo.

"Ndinagwira mpira, ndingakuike fumbi pabala," anatero. "Tembenuka, iwe. Vula chijuzi chakocho, ukutitenthetsa tonse."

Anasenda kapepala ka kachigamba mosamala, lilime lili panja, n'kukaika pakati pa mapewa. Kenako anayala chikhatho chonse pamsana pa Juzi, chopanda nsalu, chopanda pepala, n'kudinikiza.

Tisingano tinabaya pang'ono ngati tinyerere. Koma chomwe Juzi anamva kwambiri chinali kufunda kwa dzanjalo. Anali ataiwala kuti dzanja la munthu limafunda chonchi. Misozi inangoyamba yokha, kugwera pa siketi.

"Ndikukupweteka?"

"Ayi."

"Usandinamize, ine mphamvu ndili nazo zambiri. Ukanaona chigoli chomwe ndaphonya lero, aphunzitsi mpaka anagwira kumutu!"

Apa wailesi inali itayakanso. Anasimba za mpirawo, za wogwira pagolo yemwe anagwa asanakhudzidwe, za mlonda amene amagona ataimirira. Dzanja silinasunthe ngakhale pang'ono. Juzi anamvetsera, akuseka ndi misozi yomwe.

Kubaya kuja kunachepa, kenako kunasiyiratu. Tisingano tinali titasungunuka, mankhwala atalowa. Ntchito inali itatha, ndipo Juzi ankadziwa.

"Zakwana?" anafunsa Wailesi.

Juzi anayang'ana mabedi aja, omwe anali kutali ndi lake. Anatseka maso.

"Ayi," anatero. "Dikira pang'ono."